Lipoti: atendanti anayeza BP usiku ku chidikiro, ndi zomwe zinatsatira

Ndine nesi komanso mzamba pa health centre ina kuno ku Mulanje, mbali ya kuminda ya tiyi, ndipo mateniti ndimayang'anira ndine. Nkhani iyi yazungulira kwambiri pakati pa anzathu a zaumoyo, ena akuti tinachita bwino ena akuti tinaphwanya malamulo a ntchito, nde ndaona kuti bola ndiilembe yonse mmene inayendera, kuphatikizapo mbali imene inatsala pang'ono kutipweteka. Maina sinditchula, kaya la wodwala, la ogwira ntchito kapena la chipatala.

Mmene malo athu alili

Dokotala tilibe, fiyeta yochitira opaleshoni tilibe, magazi oika munthu tilibe. Tili ndi medical assistant ku OPD, ife manesi azamba ochepa, ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi), ma atendanti ndi mlonda. Mayi akafunika opaleshoni timaimba foni ambulansi nkudzamutenga, ndipo nthawi ya mvula msewu wathu umakhala woterera zoopsa, makamaka chidutsireni namondwe Freddy mu Marichi 2023 pamene malo ambiri anakokoloka.

Kuseri kwa mateniti kuli chidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera amakhala podikira kuchira. Chiyambireni boma kuletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, kenako kubwera kwa pulogalamu ya uchembere wabwino nthawi ya a Joyce Banda mu 2012, mafumu nkuyamba kulipiritsa amene wachirira pakhomo, amayi ambiri amabwera kudzadikirira mwezi ukangokwana, ena ochokera mmunsi mwa phiri, ena mpaka kuoloka kuchokera ku Mozambique. Zimenezi ndi zabwino, koma pali kampata kamene ambiri sitimakaona. Mayi wa ku chidikiro sali mu wodi komanso sali kunyumba. Alibe bedi, alibe failo, pa raundi sawerengedwa. Amayezedwa tsiku lofika, kenako tsiku la sikelo, pakati ponsepa timangodalira kuti akamva china chake abwera yekha kudzanena. Abale ake amakhala mtima uli m'malo poti mwana ali kuchipatala, pamene kunena zoona palibe amene akumuyang'ana.

Wodwala

Anali mtsikana wa zaka 19, mimba yoyamba, masabata 37 malinga ndi buku lake la sikelo. Kusikelo ankayenda bwino, fansida anamwa, neti analandira, magazi anali okwanira, BP imene inalembedwa tsiku lofika ku chidikiro inali 120/80. Kupatula zoti ndi mimba yoyamba, zimene timadziwa kuti zimakweza chiopsezo cha pre-eclampsia (matenda a BP yokwera ya pamimba), panalibe chotiuza kuti timuike diso kuposa anzake. Gadiyani anali agogo ake, poti mayi ake amathyola tiyi ndipo nthawi ya mvula ndi imene tiyi amachuluka, munthu sangajombe ku esiteti.

A atendanti amene nkhani ikuwakhudza ndi amayi achikulire, akhalitsa pano kuposa wina aliyense wa ife, sukulu analekezera ku pulayimale. Ntchito yawo ndi kukolopa, kuchapa, kutsuka zida, kukataya nsengwa kudzenje, kutentha zinyalala. Usiku umenewo anali pa naiti. Ine ndinali pa kolo, nditangomaliza kubereketsa mayi wina ndipo wodi itakhala zii ndinapita kukatsamira kunyumba, imene ili pafupi pomwepo.

A atendanti aja anapita ku chidikiro kukatenga ndowa ya chipatala imene azimayi anabwereka masana. Anapeza anzake onse akucheza, koma mtsikana uja wagona payekha atamanga mutu ndi kansalu mwamphamvu, agogo ake akumusisita msana. Atamufunsa anati mutu ukumuwawa kuyambira masana, maso akuona tinyenyezi, ndipo pansi pa chifuwa cha kumanja kukubaya. Anamuunika ndi tochi ya pafoni nkuona kuti zikope zatupa, nkhope yonse yasintha, si uja ankamuona pamjigo masiku apitawo. Agogo aja anati iwo akuganiza kuti ndi tsempho, mwamuna wa mwanayu ayenera kuti sakudzisunga kumudziko, ndiye kukacha akatenga mankhwala achikuda. Atawauza kuti tiyeni ku leba, agogo anakana, amvekere "asisita angopita kumene kukagona, tisawavutitse, kucha sikutali."

Apa mpamene a atendanti anachita chinthu chimene sichili pa ntchito yawo. Anabwerera ku wodi, natenga makina a BP a mabatire aja patebulo, nkukamuyeza mtsikanayo konko. Makinawo amawadziwa chifukwa eni akewo ali ndi BP, amayezetsa mwezi ndi mwezi ndipo manambala awo amawadziwa pamtima. Inatuluka 172/114. Anayeza mkono winawo, manambala anangosiyana pang'ono. Kenako, ndipo ichi ndi chimene chimandigwira mtima mpaka pano, anadziyeza okha kuti aone ngati makinawo sakunama, nkupeza kuti iwo akuwapatsa manambala awo a masiku onse. Analemba nambala ija padzanja ndi bolopeni, nkubwera kudzagogoda pawindo langa.

"Odi asisita, pepani ndakudzutsani. Ndagwira makina anu osapempha, mundikalipira mawa, koma tabwerani mudzamuone mwana uyu."

Zimene tinachita

Tinamunyamula kupita ku leba. Nditayeza ndi makina opopa pamanja ndinapeza 170/110. Mkodzo unali ndi protein 3+, bondo ndikagogoda linkadumpha mopitirira, khomo la chiberekero linali lotseka, matenda a kubereka anali asanayambe, mtima wa mwana unkagunda 144. Iyi ndi severe pre-eclampsia yosachita kufunsa, ndipo ndi mutu umenewo komanso maso akuona tinyenyezi, munthu ameneyu akanatha kuyamba kukomoka nthawi ina iliyonse.

Ndinaika kanyula, ndinapereka magnesium sulphate, mankhwala oteteza kukomoka, 4 g kudzera mumtsempha pang'onopang'ono, kenako 5 g thako lililonse pamodzi ndi lignocaine poti jakisoni ameneyu amawawa. Hydralazine 5 mg mumtsempha, BP inatsika kufika cha mma 150/100, ndipo sitimafuna kuti itsike mwadzidzidzi chifukwa mwana amachepekedwa magazi. Kathita, kumugoneka chakumanzere, calcium gluconate, mankhwala othandiza magnesium akachuluka m'thupi, patebulo kuti akhale pafupi. Ndinkaona kapumidwe kuti kasatsike pansi pa 16 pa mphindi, bondo, ndi mkodzo. Pa kalata ya rifelo ndinalemba nthawi imene ndinapereka magnesium ndi zilembo zazikulu, poti wina amayenera kubwerezedwa pakatha maola 4 ndipo kutsogoloko akapanda kudziwa nthawi amatha kuchedwetsa kapena kubwereza msanga.

Netiweki usiku umenewo inali yovuta chifukwa cha mvula. A mlonda, osatumidwa ndi munthu, anatenga foni yanga nkupita nayo pachulu cha kuseri kwa mjigo pamene netiweki imagwira, naimirira pamvulapo mpaka ambulansi inayankha. Nesi mnzanga amene anali pa ofu anamva phokoso nkudzuka kudzagwira wodi kuti ine ndiperekeze wodwala. Ambulansi inafika patatha maola pafupifupi atatu chifukwa cha matope. Kuchipatala chachikulu anamuchita opaleshoni m'mawa mwake, mwana wamkazi wa 2.4 kg, analira bwinobwino. Mayi sanakomoke ngakhale kamodzi. Atabwera kusikelo ya masabata 6 BP inali itabwerera mwakale.

Mkangano wa pa handova

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma pa handova, posiyirana ntchito, zinavuta. Amene anadzutsa nkhani ndi nesi mnzanga yemwe uja anadzuka usiku kudzandithandiza, choncho musamuone ngati munthu wouma mtima, ndi mzamba wabwino kwambiri. Mfundo zake zinali zomveka ndipo ndizilemba mmene anazinenera. Anati atendanti sanaphunzire kuyeza BP, lero zayenda bwino poti nambala inali yokwera, nanga tsiku limene adzayeze molakwika, kafu (lamba wa makina womanga pamkono) yoikidwa molakwika kapena mabatire ofooka, makina nkuonetsa 120/80 pa munthu amene akudwala, iwo nkumuuza kuti gona uli bwino? Amene adzakayankhe ku Nurses and Midwives Council, bungwe loyang'anira manesi ndi azamba, ndi ndani, si ife amene tili ndi laisensi? Anatinso tikazolowera zoterezi akuluakulu adzaona ngati manesi ochepawa akukwanira, ntchito ya unesi izigwiridwa ndi anthu olandira malipiro a okolopa, nkumati zikuyenda.

Mfundo yachiwiriyi ine ndimagwirizana nayo mpaka lero. Pali kusiyana pakati pa munthu kuchita chinthu mwa yekha chifukwa waona ngozi, ndi kumutula munthu katundu amene si wake kwinaku tikumuyamikira pakamwa. Koma pa mfundo yoyamba ndinakana. Amayi aja sanapange chiganizo cha unesi ngakhale chimodzi. Sanatchule matenda, sanapereke mankhwala, sanamuuze wodwala kuti ali bwino kapena sali bwino. Anaona munthu wasintha, anafuna umboni woti agogo aja komanso ine tiwamvere, nkubweretsa wodwala kwa amene ali ndi udindo. Ndinawafunsa anzanga kuti kodi akanabwera opanda nambala ija, nkungoti ku chidikiro kuli wina akumva mutu, ndi angati mwa ife titatopa chonchija tikanangoti mpatseni panado tiona mawa? Palibe anayankha.

Chifukwa chiyani anachita mantha

Patapita masiku ndinakhala nawo pansi a atendanti aja tikumwa tiyi, chifukwa mawu aja oti mundikalipira mawa ankandivuta. Munthu wapulumutsa miyoyo iwiri koma akubwera akupepesa. Anandiuza kuti anaima pawindo langa kanthawi ndithu asanagogode. Zaka za m'mbuyomu, kukadali nesi wina amene anachoka kalekale, anauzapo nesiyo kuti mayi wina amene wangochira kumene akutaya magazi ambiri, poti iwo ndi amene ankasintha nsalu ndipo ankaona mmene zikunyowera. Yankho linali loti "kodi unesi munakaphunzira kuti? Gwirani mopu wanu." Pamaso pa odwala ndi magadiyani. Chichokereni tsiku limenelo anangoti basi, ndiziona nkukhala chete, ndipo anandiuza mosabisa kuti pali zinthu zambiri zimene anaziona m'zaka zimenezi osanena.

Apa mpamene pagona nkhani yonse kwa ine. Timakonda kunena kuti anthu a zaumoyo masiku ano alibe mtima wa ntchito, aliyense amangoti si ntchito yanga, popanda alawansi sasuntha. Alipo otero, sindikana. Koma ambiri amene ndagwira nawo ntchito sanayambe choncho, anachita kuphunzitsidwa kukhala chete, ndipo amene anawaphunzitsa ndi ife a pamwamba pawo, tsiku loyamba limene anayesa kulankhula. Mmene timachitira ife kwa atendanti ndi mmenenso ena amachitira kwa ife, nesi wa pa health centre ukatumiza wodwala kenako nkumva kuti mwatumiziranji ameneyu mukanathana naye konko, ulendo wina umayamba waganiza kawiri, ndipo kuganiza kawiriko nthawi zina ndi kumene kumapha munthu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'zipatala mwathu wotsina khutu timamufunsa kaye setifiketi.

Chinanso, amene amakhala nthawi yaitali ndi wodwala si ife. Ine ndimamuona mayi mphindi zochepa, ndikuthamangira wina. Atendanti amamuona akusamba, akudya, akupita kuchimbudzi, amamva zimene magadiyani akunong'onezana kukhitchini, ndipo ambiri amalankhula nawo momasuka mpaka Chilomwe, zinthu zimene kwa nesi wa yunifolomu sanganene. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo m'Malawi (MDHS) wa 2015-16 anapeza kuti amayi 439 mwa 100,000 aliwonse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo BP ya pamimba ili m'gulu la zimene zimapha kwambiri pamodzi ndi kutaya magazi ndi sepsis (tizilombo tikafalikira m'thupi). Ndi manambala amenewa, kutseka maso ndi makutu a anthu amene ali kale mu wodi ndi kudzipweteka tokha.

Komanso kupatsa ntchito munthu wa pansi si zachilendo kuno. Kwa anzathu ku Thyolo, a bungwe la madokotala la MSF atayamba kupereka ma ARV mu 2003 madokotala anali osakwanira, mpaka manesi ndi ma medical assistant anayamba kuyambitsa anthu mankhwala, ma HSA ndi makhansala nkumayeza magazi, ndipo chithandizo chinafika m'ma health centre. Lero ma HSA amapereka LA, amoxicillin ndi Thanzi kwa ana osakwana zaka 5 pa village clinic m'midzi. Koma zonsezi zinayenda chifukwa panali maphunziro, malire omveka, ndi munthu woyang'anira. Ife tinalibe zitatu zonsezi, tinali ndi mayi mmodzi wolimba mtima basi.

Zimene tinakonza, ndi pamene zinalakwika

Tinagwirizana kuti mayi aliyense wa ku chidikiro aziyezedwa BP tsiku lililonse m'mawa. Tinagula hadikava, dzina, tsiku, BP, ndi mafunso a mutu, maso, kutaya magazi kapena madzi, ndi kusewera kwa mwana. Ma atendanti onse tinawaonetsa kayezedwe, mayi akhale pansi apume kaye, mkono pamlingo wa mtima, kafu isakhale pamwamba pa malaya, asalankhule. Nesi wa pa shifiti aziona bukulo nkusaina.

Sabata zoyambirira zinayenda bwino kwambiri, mwina mopitirira. A atendanti achikulire aja anatchuka, azimayi a ku chidikiro anayamba kuwatchula adokotala, ndipo atendanti wina wachitsikana naye anafuna kuonetsa kuti amatha. Tsiku lina anayeza mayi wina nkupeza 150/100, ine ndili pakati pobereketsa mwana wobwera chamatako. Poona kuti ndatanganidwa, anatenga mapilitsi otsitsa BP a methyldopa amene mayi wina anasiya pochoka, nkumupatsa, nkumuuza kuti apume. M'buku analemba nambala koma za mankhwala sanalembe. Ndinazidziwa madzulo mayiyo atabwera kudzafunsa ngati amwenso ena. Mwamwayi mkodzo unalibe protein ndipo analibe zizindikiro zoopsa, tinamutumiza mwa dongosolo ndipo anachira bwino. Koma akanakhala ngati mtsikana woyamba uja, pilitsi limenelo likanangotsitsa nambala nkutibisira matenda, munthu nkudzakomoka usiku.

Nesi mnzanga uja anati mwaona, ndi zimene ndinkanena. Ndipo ankanena zoona. Ena anati tingosiya zonse makina azikhala otsekeredwa. Ine ndinakana kutseka, komanso ndinakana zomuitanitsa mtsikanayo pa mitingi ya onse, chifukwa ndinkadziwa kuti tikamuyalutsa pagulu si iye yekha amene atseke pakamwa, atseka onse, ndipo tibwerera kuja kwa gwirani mopu wanu. Ndinamuitana mu ofesi tili awiri. Ndinamuuza kuti kuyeza anachita bwino, kulemba anachita bwino, kuona kuti nambala si yabwino anachita bwino, koma pamene dzanja lake linagwira mankhwala mpamene anadutsa mzere, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake, osangoti ndi lamulo. Analira, nati amaopa kundisokoneza pa mwana wa matako uja. Ndinamuuza kuti ngakhale manja anga ali m'magolovesi makutu amakhala akumva, aime pakhomo atchule nambala mokweza, zotsalazo ndi zanga.

Kuchokera apo tinalemba pachikuto cha hadikava ija komanso pakhoma la chidikiro kuti nambala ya pamwamba ikafika 140 kapena ya pansi 90, itanani nesi pompo, ndipo mutu, kusaona bwino, kutaya magazi kapena mwana kusiya kusewera, itanani nesi ngakhale BP ili bwino. Mzere womalizawu anaumirira ndi nesi mnzanga uja, poyankha nkhawa yake ija ya makina onama, ndipo ndi mzere wofunika kuposa yonse. Pansi pake, musapereke mankhwala alionse. Mankhwala otsala a odwala tsopano amabwezedwa ku famase tsiku lomwelo. Ifenso manesi tinadziikira lamulo lathu, kuti ukaitanidwa ndi atendanti, mlonda kapena gadiyani umapita kukaona, ndipo ngakhale upeze kuti palibe vuto sukalipa. Ili ndi limene likuvuta kusunga, makamaka 3 koloko ya usiku utagwira tsiku lonse, moti timakumbutsana pa handova.

Pamene tili pano

Buku likuyenda. Amayi angapo a BP yokwera tawapeza msanga nkuwatumiza masana ambulansi isanavute, m'malo mothamanga nawo usiku. Ma atendanti ayamba kunena ndi zina zomwe, mwana amene sakuyamwa, mayi amene nsalu zikunyowa msanga, furiji ya oxytocin (mankhwala oletsa kutaya magazi pochira) ikasiya kulira. Ma HSA awiri apempha okha kuti tiziwauza maina a amayi amene atuluka ali ndi BP kuti aziwayendera kumudzi.

Zovuta zilipo. Mabatire amatha msanga ndipo kawirikawiri timasonkha tokha, ndiye nkhaniyi taitengera ku komiti ya chipatala kuti aone ngati angaike pa ndalama zimene amayang'anira. Loweruka ndi Lamlungu pamakhala atendanti mmodzi, buku limadumpha masiku. Kafu tili nayo ya saizi imodzi, mayi wa mkono waukulu imatipatsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, choncho ameneyo amayeza nesi. Ndipo mfundo ya mnzanga ija ya malipiro ikadali pomwepo, amayi aja awonjezeredwa ntchito koma pa payslip palibe chasintha. Ndalembera kalata akuluakulu a unesi kupempha kuti ma atendanti a ku mateniti apatsidwe maphunziro ovomerezeka pa kuyeza ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa, kuti zisamadalire kuti inchaji wa pamalopo ndi ndani, chifukwa ine nditasamutsidwa mawa wobwerayo akhoza kutsekera makina mu kabati. A supavishoni atabwera anaona bukulo ndipo anajambula chikuto chake, yankho la kalata tikudikirabe.